Pakamwa pa Mzime

Kumapeto kwa msewu wina wa zii, kumene galimoto zinkadutsa mwa apo ndi apo, kudali nyumba yogona alendo ya banja lina loopa Mulungu. Sidali nyumba yapamwamba. Zipinda zidali zochepa, makatani adali osuluka, koma nsalu zoyala pabedi zinkanunkhira sopo ndi dzuwa, ndipo wogonamo kamodzi ankabweranso. Bambo ankalandira alendo ndi kukonza mipope ikayamba kudontha. Mayi ankaphika ndi kuchapa. Mwana wawo wotsiriza, mtsikana amene aliyense ankangomutcha Mzime, atamaliza sukulu adapatsidwa makiyi kuti azisesa m'zipinda ndi kuyala mabedi.

Tsiku limenelo mayi ake adamukhazika pansi.

"Mwanangu, munthu akatseka chitseko savula zovala zokha. Udzaona mankhwala a anthu, udzaona mapilo onyowa ndi misozi. Iwe uzisesa, uzituluka. Zimene waona zizitsala momwemo."

"Ndamva, Amayi."

Adamva ndi makutu okha.

Kutsidya kwa msewu kudali saluni ya mayi wina wa mawu ozuna, amene manja ake ankaluka tsitsi pamene lilime lake linkapasula mabanja a eni. Mzime adayamba kucheza kumeneko masana ntchito ikatha. Kunyumba adali mwana wongotumidwa, koma pa saluni adapeza kuti akatsegula pakamwa, akuluakulu omwe ankatchera khutu.

Adayamba ndi zazing'ono. Adawauza za bambo wina wamalonda, mlendo wa masiku onse, amene pogona ankaviika mano ake m'kapu. Azimayi adaseka mpaka kugwirana mapewa. Mawa lake adawauza za mwamuna amene ankavula mphete asadafike pa geti.

"Wailesi yathu yafika," ankatero mayi wa saluni. "Khala apa ndikuluke ulere. Lero kwagona ndani?"

Sipadapite nthawi, bambo wamalonda uja adanyamula katundu wake tsiku lake lochoka lisadakwane. Ana a mumsewu adali atayamba kumuonetsa mano akamadutsa.

"Za mano a bambo aja, adauza anthu ndani?" adafunsa bambo a Mzime.

"Kaya. Mwina anaseka okha mano n'kugwa."

"Usandiyankhe choncho. Anthu sabwera kuno chifukwa cha mabedi athu, mabedi ali ponseponse. Amabwera chifukwa pano munthu amapuma osaopa. Mzime, wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu."

Mzime adazyolika ngati wamva chisoni, koma mumtima ankaganiza za mmene akawasekesere anzake ndi mawu a bambo akewo.

M'mawa wina kudafika mayi wachitsikana atanyamula chikwama chimodzi, atagwira dzanja kamwana kakakazi kovala nsapato zofiira. Mpango wake udaphimba theka la nkhope, koma sudabise diso lotupa. Adapempha chipinda chakumapeto, chimene zenera lake lidayang'ana ku mpanda.

"Mlongo wanga abwera kudzanditenga," adauza mayi a Mzime motsitsa mawu. "Wina aliyense akafunsa, ine kuno kulibe."

Mayi sadafunse zambiri. Adangoitana mwana wawo.

"Waona ndipo wamva. Uyu wathawa ndi moyo. Ukalankhula, wamupha."

Mzime ndiye ankapititsa chakudya m'chipindamo. Kamwana kaja kadamuzolowera, kankasewera ndi makiyi ake n'kumaseka. Tsiku lina mlendoyo adamupempha kuti amupake mankhwala kumsana, kumene dzanja lake silinkafika. Mzime ataona mikwingwirima ya lamba, yakale ndi yatsopano yomwe, adagwetsa misozi yeniyeni.

"Usalire, mng'ono wanga," adatero mlendoyo. "Zatha tsopano. Pano ndagona tulo koyamba chaka chino."

Masana amenewo Mzime adakhala chete pa saluni. Mawa lakenso adangokhala duu.

"Wailesi yatha mabatire," adatero mayi wa saluni, azimayi onse n'kuseka. "Kapena amayi ako akumanga pakamwa ngati thumba? Sendera uko, pakhale anthu okhala ndi nkhani."

Mzime adamva ngati wavulidwa pagulu.

"Nkhani ndili nayo, koma ndi yoletsedwa."

"Yoletsedwa kwa ife? Ndife alendo ife? Zithera pompano, mwana iwe. Tingofuna timupempherere munthuyo."

Adayamba ndi diso lotupa. Ataona kuti onse asiya zimene ankachita, adawonjezera za msana, za chipinda chakumapeto, za mlongo amene ankayembekezeredwa, mpaka za nsapato zofiira. Palibe adapemphera. Mayi wina amene ankaumitsa tsitsi pakona adangotulutsa foni yake mwakachetechete.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, mayi ali kumsika ndipo bambo akukonza thanki ya madzi kuseri, padaima galimoto pa geti. Mudatuluka mwamuna wovala bwino, waulemu, womwetulira.

"Ndabwera kudzatenga mlongo wanga. Ali m'chipinda chakumapeto, ndi mwana wa nsapato zofiira."

Mzime adakayikira. Koma munthuyu ankadziwa zonse, ndipo kuitana bambo kukadadzutsa mafunso amene iye sadafune kuyankha. Adatsogola. Adagogoda, m'kati mudali zii.

"Wagona ameneyo," adatero mwamunayo. "Tsegula, mwanawe, ulendo ndi wautali."

Mzime adatsegula ndi kiyi wake.

Mlendoyo adali ataima pakona, atakumbatira mwana, chifukwa mawuwo adali atawazindikira kale kuti ndi a mwamuna wake. Kumwetulira kwa mwamuna uja kudazima. Adalanda mwanayo ndi dzanja limodzi, ndi linalo adamenya mkazi wake mpaka kumugwetsera pabedi. Bambo a Mzime adathamanga atamva kulira, naima pakhomo.

"M'nyumba mwanga simutuluka ndi mwana ameneyo."

Mwamunayo adawakankha. Adagubuduka pa masitepe a khonde, ndipo sadathe kudzuka.

Mwana adaponyedwa m'galimoto akulira. Mwamunayo adatsegula chitseko china n'kuima pambali. Mkazi uja adatuluka wopanda nsapato, magazi ali pamlomo. Palibe adamukoka. Adayenda yekha, pakuti mayi sasiya mwana wake m'kamwa mwa fisi. Podutsa pamene padaima Mzime adacheuka.

"Ndinakutcha mng'ono wanga," adatero, nalowa m'galimoto.

Mlongo wake weniweni adafika m'mawa mwake. Adapeza chikwama chokha. Adakanena kupolisi, koma atapita kunyumba ya mlamu wakeyo adapeza atasamuka, ndipo anansi sadadziwe kumene adalowera.

Bambo a Mzime adatuluka m'chipatala ndi ndodo, chiuno chitathyoka, ndipo sadakwerenso makwerero. Mbiri idawanda yakuti m'nyumba imeneyo makoma ali ndi pakamwa. Alendo akale adayamba kudutsa pa geti osacheuka. Mayi adapinda nsalu za zipinda zopanda anthu n'kuziika m'kabati.

Mzime adapita ku saluni maso ali psuu.

"Munati zithera pompano."

Mayi wa saluni sadasiye n'komwe kuluka.

"Ndinakukanula pakamwa ndine? Ine ntchito yanga ndi tsitsi. Chitseko anatsegula ndani?"

Mzime asadawoloke n'komwe msewu, adamva kuseka kumbuyo kwake. Nkhani ya tsikulo idali iyeyo.

Adapeza mayi ake akusita, nagwada pamapazi awo. Adaulula zonse, kuyambira mano a m'kapu. Mayi adazimitsa simbi.

"Ine ndakukhululukira, ndiwe mwana wanga. Bambo ako nawonso akukhululukira, ngakhale akutsimphina. Mulungu sakana wolapa. Koma amene uyenera kumugwadira sindife. Ameneyo sitidziwa kumene ali, ndipo sitidziwa ngati ali moyo."

Mzime adasiyadi miseche. Adakula kukhala mkazi wosalankhulalankhula, ndipo anthu osadziwa ankamuyamikira kuti ndi wofatsa. Koma za mayi uja ndi mwana wake sadamvenso kanthu mpaka lero.

Ana inu, miseche si nthabwala. Ndi tchimo, ndipo limapha ngati mpeni, kungoti wobaya saona magazi. Amene akukusekererani mukamaulula za eni sakukondani, akungodikira tsiku lodzaseka inu. Munthu akakuonetsani bala lake, wakusungitsani moyo wake. Mukaugulitsa kuti anthu aseke, mukhoza kulapa ndi kukhululukidwa, koma moyowo simudzaubweza.