Chitini cha Guluu

Pa Linthipe panalibe munthu amene sankawadziwa a Gibson Zikhalo, mmisiri wa mipando ya sofa. Ankagula matabwa a paini kwa ocheka a ku Phiri la Dedza, n'kumakhoma mipando m'kanyumba kantchito kuseri kwa nyumba yawo. Akatha kukhoma ankamata siponji ndi guluu, kenako n'kukuta ndi nsalu. Akazi awo, a Bernadetta, ankalima kachewere ndi kabichi kudimba. Anakhala zaka zambiri m'banja opanda mwana, ndipo Mulungu atawakumbukira anawapatsa mmodzi yekha, Ufulu. Pakhomopo sankagona asanapemphere kolona.

Ufulu anali mu Fomu 3, mnyamata wanzeru m'kalasi komanso waluso pa ntchito zamanja. Tsiku limene anamulola kugwira chitini cha guluu koyamba, bambo ake anamukhazika pabenchi. Anamufotokozera kuti guluuyo ndi labala wosungunulidwa m'mankhwala onunkha ngati petulo. Akauma alibe vuto, n'chifukwa chake anthu amakhalira mipando osadwala. Koma akadali wamadzi, mpweya wake umaledzeretsa, umawononga ubongo, ndipo umayaka ngakhale moto uli patali. Labala wakeyo akatentha amasungunukanso n'kukakamira pakhungu.

"Usanatsegule chitini, yamba watsegula zenera ndi chitseko," anatero a Zikhalo. "Ukatapa, vindikira. Mbaula, fodya ndi machesi zisalowe muno. Ndipo mphuno yako italikire. Wamva, mwana wanga?"

Ufulu anati wamva, ndipo kwa nthawi ndithu anasungadi mawuwo.

Pamsewu waukulu panali Levison, mnyamata amene anasiya sukulu n'kumakweza matumba a kachewere m'malole opita ku Lilongwe. Madzulo ena Ufulu akudutsa, Levison anamva fungo la guluu pa malaya ake ndipo anamukoka dzanja. Anamuuza kuti akugonera chuma osadziwa. Anati kungokoka mpweya wa guluu pang'ono, chisanu cha ku Dedza chimathawa, njala imatha, ngakhale mantha a mayeso amasungunuka. Ufulu anayankha kuti bambo ake amaletsa.

"Aise, si mowa umenewu, si chamba," anatero Levison akuseka. "Ndi tsamba liti la m'Baibulo limene linaletsa kununkhiza guluu? Bambo akowo amamupuma tsiku lonse, koma taona mmene alili amphamvu."

Ufulu anadziwa kuti bambo ake amagwira ntchito pamphepo, zenera lili pululu, koma anachita manyazi kutsutsa. Mawa lake anatapa guluu pang'ono m'kabotolo, n'kupita nako kuseri kwa mabenchi a msika. Atakoka mpweya, makutu analira, dziko linazungulira, ndipo anaseka osadziwa chomuseketsa. Pambuyo pake anasanza, mutu ukuwawa ngati wamenyedwa ndi hamala. Analumbira kuti sadzayambiranso. Sabata isanathe anali komweko ndi kabotolo kena.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. M'kalasi ankangosinza. Maso anafiira, ndipo kukamwa ndi kumphuno kunatuluka tizilonda. Mwana amene kale ankagwada polankhula ndi mayi ake anayamba kuwayankha ali chimbuyo. Anzake a Levison nawonso ankafuna gawo lawo, choncho zitini zinayamba kutha msanga. Pofuna kubisa kuba kwake, Ufulu ankathira palafini m'chitini kuti chizioneka chodzaza. Posakhalitsa mphunzitsi wina anabweza sofa watsopano, siponji itamatuka yonse, ndipo analankhula mawu owawa pamaso pa anthu. A Zikhalo, amene ntchito yawo inali isanabwezedwepo, anangowerama n'kupepesa.

Chinsinsi chinaululika pochapa. A Bernadetta anapeza kabotolo m'thumba la buluku la sukulu, ndipo atanunkhiza anakhala pansi pomwepo, manja ali thovu lokhalokha. Ufulu atabwera anapeza makolo ake akumudikira pakhonde, kabotolo kali pa tebulo. Anayesa kunama kuti ankafuna kumatira nsapato, koma makolo ake sanamukhulupirire.

"Ndinakudikira zaka zonse zija kuti ndidzakuike m'manda ndi manja angawa?" anafunsa mayi ake akulira. "Ukufuna ndidzatsale ndi ndani?"

Bambo ake sanamumenye. Anapita naye kuchipatala, kumene namwino anamuuza mosabisa kuti mpweya umenewo ukhoza kuimitsa mtima wa munthu nthawi imodzi, ngakhale wa mnyamata wamphamvu. Pobwerera a Zikhalo anagula loko, n'kukhoma pachitseko cha kanyumba kantchito, ndipo kiyi ankayenda naye m'thumba. Ufulu analira, analapa kwa wansembe, ndipo anapirira masabata angapo, thupi likunjenjemera, tulo tikusowa. Makolo ake anayamba kupuma.

Koma Levison sanatope. Ankamudikira panjira ya kusukulu n'kumamuseka kuti wasanduka khanda lotsekeredwa ndi loko. Anamunyengerera kuti achite kamodzi kotsanzikira, kenako asiyiretu. Mawu akuti kamodzi aja anamukomera Ufulu.

Linali Lamulungu la mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba mapiri, chisanu chikulasa m'mafupa. Bambo ake akusamba, Ufulu anasolola kiyi m'jekete lawo la kutchalitchi. Kenako anagona n'kunena kuti m'mimba mukumupota. Mayi ake anamufunditsa bulangete lachiwiri, n'kumusiyira tiyi pambaula, ndipo makolowo anapita ku Misa. Atangokhota, Levison anatulukira.

Analowa m'kanyumba kaja. Levison anatseka zenera ndi chitseko kuti aneba asamve fungo, ndipo anadandaula kuti zala zake zauma ndi kuzizira. Ufulu anakatenga mbaula ija, makala ali ngee. Mawu a bambo ake anamubwerera ali pakhomo, koma anadziuza kuti aiika pakona, kutali ndi guluu. Anatsegula chitini chachikulu chatsopano, ndipo awiriwo anaweramirapo.

Ufulu sanadziwe kuti panapita nthawi yotani. Anangomva chitini chikugubuduzika, phazi la Levison litachigunda, kenako moto unathamanga pansi kuchokera pambaula ngati wamoyo. Siponji inayaka, utsi wakuda unadzaza nyumba. Levison, amene anali pafupi ndi chitseko, anatuluka n'kuthawa osacheuka. Ufulu anayesa kudzuka koma miyendo inakana. Anagwa pakati pa mipando, ndipo mdima unamukuta.

Zotsatira zake anachita kuuzidwa. Nthawi ya chopereka a Zikhalo anapisa m'thumba n'kupeza kiyi palibe. Anatuluka m'tchalitchi osauza munthu, ndipo ali panjira anaona utsi. Anapeza aneba akuthira madzi, koma guluu woyakayo ankangoyandama n'kufalikira, mpaka wina anakuwa kuti abweretse mchenga. Amuna awiri anayesa kuwagwira a Zikhalo, koma iwo anawakankha n'kulowa. Anatuluka atanyamula mwana wawo, atamukulunga m'jekete. Msana ndi mikono yawo zinali zitakutidwa ndi siponji ndi guluu wosungunuka, zikuyakabe. Anthu anazimitsa motowo ndi bulangete. Wina anafuna kumatula zokakamirazo, koma a Bernadetta, amene anafika akuthamanga, anamuletsa poopa kuti achotsa ndi khungu lomwe. Anangowathira madzi ozizira mpaka galimoto inapezeka.

Ufulu anapsa mwendo umodzi ndipo ankatsokomola zakuda, koma anachira. Bambo ake anatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Atatha kuyenda, Ufulu anapita kukawaona. Anawapeza atagona chafufumimba, thupi lonse lili m'mabandeji, maso atatupa osaona. Anagwada pambali pa bedi, pafupi ndi mayi ake amene ankadwazika. A Zikhalo sanadziwe kuti mwana wawo wafika.

"Amake Ufulu," anatero ndi mawu otsika, "mwana uja nkhope yake sinapse?"

Ufulu analephera kudzigwira. Analira mokweza mpaka odwala ena anatembenuka.

"Ndili pano, ababa. Ndine ndinaba kiyi. Ndine ndinalowetsa mbaula. Ndikhululukireni."

A Zikhalo anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawuwo.

"Ndikanapanda kukukhululukira, ndikanalowa m'moto muja?" anatero. "Uwasamale amayi ako."

Zilonda zija zinalowa matenda, ndipo mwezi usanathe a Zikhalo anamwalira. Pamaliro, bokosi lawo analikhoma amisiri anzawo ndi matabwa opempha, pakuti matabwa a malemuwo onse anapsa. Ufulu anaima kumanda atatsamira ndodo, ndipo palibe amene anamunena, koma kukhala chete kwa anthuwo kunamupweteka kuposa chilonda.

Guluu sanamukhudzenso, koma zimene anawononga sizinabwerere. Manja ake amanjenjemera, ndipo akawerenga tsamba amafika pansi ataiwala zapamwamba. Mayeso a Fomu 4 sanalembe. Lero amalima kudimba ndi mayi ake, amene anakalamba chaka chimodzi ngati zaka khumi. Levison amayendayenda m'mbali mwa msewu, akulankhula yekha, osazindikira ngakhale abale ake.

Inu achinyamata, nkhaniyi ndi yanu. Guluu anapangidwira kumata zinthu, osati mapapo anu. Mukamagwira naye ntchito, mphepo izidutsa, chitini chizikhala chovindikira, ndipo moto ukhale kutali. Mnzanu amene akukuuzani kuti choipa n'chaching'ono, kapena kuti ndi kamodzi kokha, adzakhala woyamba kuthawa. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mverani makolo anu akadali ndi mpweya wokuchenjezani. Tchimo silipweteka wolichita yekha. Ufulu anakhululukidwa ndi Mulungu komanso ndi bambo ake, koma chikhululukirocho amachinyamula yekha popita kukalambula pamanda awo.