Chitseko Chimene Chinkatseguka ndi Khadi Langa

Amene anandidetsera mbiri ndi a Masatifiketi, mkulu wa zachitetezo pakampani imene ndimalondera usiku. Dzinalo tinawapatsa chifukwa khoma la ofesi yawo silioneka penti, ndi mapepala a sukulu okhaokha. Kampaniyo imateteza makompyuta a makampani ena kwa akuba. Ine ndinalekeza pulayimale. Zida zanga ndi tochi, kope ndi khadi lotsegulira zitseko.

Chaka chimenecho eni kampani analemba ntchito munthu wochokera kundende, woonda, wolankhula motsitsa, amene onse ankamutcha Zala. Anapika zaka zinayi chifukwa cholowa m'makompyuta a eni ake ali khale kunyumba kwake. Khoti linamutulutsa ndi lamulo lakuti asakhudze kompyuta popanda womuyang'anira, ndiponso asapezeke m'kati mwa kampani dzuwa litalowa. Akaphwanya, abwerera. Ndiye ankagwira ntchito ndi pensulo.

Anthu a makompyuta anagawanika. Ena ankati munthu amene anathyolapo ndiye amadziwa pofooka. Ena ankati kumulemba ntchito n'kuuza ana kuti kuba kumalipira. A Masatifiketi akamuona akudutsa ankatseka laputopu yawo mwaphokoso, dala, kuti amve. Koma zikawavuta, onsewo ankapita kwa Zala mozemba ngati opita kokodza.

Kumapeto kwa khonde lam'kati kuli chipinda cha makina, chozizira ngati firiji, chopanda zenera. Usiku wa Lolemba, nyumba yonse ili zii, ndinamva loko wake akulira kamodzi, tcheke. Kagetsi kofiira ka pachitseko kanasanduka kobiriwira. Kenako chitseko chija chinayamba kutseguka chokha, pang'onopang'ono, mpaka mpata wa chikhatho, ndipo mphepo yozizira inakwawa pansi n'kundigwira m'akakolo. M'katimo makina anayamba kulira mokwera, ngati gulu la anthu likupumira pamodzi mumdima. Ndinaunika tochi kuseri kwa kabati iliyonse. Munalibe munthu. Ndinatseka, ndinalemba nthawi m'kope.

Lachiwiri zinachitikanso. Ulendo uno ndinali chiimire pomwepo, khadi langa lili m'thumba la malaya, ndikulimva pachifuwa. Loko analira patsogolo panga penipeni.

M'mawa nkhani inali itafala. Mayi wokolopa anati ndi mzimu wa wamagetsi wina amene ankati anagwa padenga nyumbayo ikumangidwa. Wophika tiyi anati ayi, ndi Zala, anthu oterewa safuna miyendo, amalowa m'chipinda thupi lili pabedi.

Lachitatu zitachitikanso, a Masatifiketi anandiitana pamaso pa onse atagwira pepala. Chitsekocho chimalemba khadi limene lachitsegula, ndipo usiku wonse utatu panali langa. Anati ndagulitsa khomo kwa mkaidi, kuti Lachisanu ndichotsedwa ntchito ndipo apolisi adzatitenga tonse awiri. Nditayesa kufotokoza anandidula.

"Madala, khadi lilibe miyendo."

Usiku umenewo, itadutsa 1 koloko, ndinamva mwala waung'ono ukugunda mpanda wawaya. Zala anali ataima kunja, mumsewu, manja ali m'matumba. Anandipempha monong'ona kuti ndimuwerengere za m'kope. Ndinawerenga. Masiku onse atatu, mphindi khumi ndi zitatu itadutsa 2 koloko.

Anati tidikire. Ine ndinakaima pawindo la khonde, iye pampanda. Kunkamveka agalu kutali ndi wotchi yanga basi. Mphindi ija itakwana, loko analira, mphepo ija inabwera, makina anayamba kupuma. Nditabwerera kumpanda ndinamupeza akuseka chamumtima.

"Wakuba sasunga nthawi, achimwene," ananong'ona. "Ine ndinabapo, ndikudziwa. Chobwera pa mphindi yomweyomweyo tsiku lililonse si munthu."

"Ndiye ndi mzimu?"

"Mzimu ungavale wotchi?"

Anandifunsa ngati magetsi anazimapo posachedwa. Ndinati Lamulungu masana. Anafunsanso ngati wina anabwerekapo khadi langa. Apo ndinakumbukira. Miyezi itatu m'mbuyomo a Masatifiketi analitenga madzulo ena n'kulibweza ndisanamalize tiyi. Anthu a ntchito imeneyi ali ndi chizolowezi chodzibera okha, kuyesa maloko awo ngati akuba kuti aone pofooka. Ine sindinkadziwa kuti khadi limakopereka ngati kiyi. Zala anati kamakina koyesera, kamene anakoperamo khadi langa, kanaiwalika penapake, ndipo magetsi atazima n'kuyakanso kanadzuka n'kuyambiranso ntchito yake.

Ndinamuuza kuti akalankhula, adziwa kuti tinaonana usiku, ndipo ndende ili pafupi ndi iye kuposa ine. Anangokweza mapewa n'kumapita.

Lachisanu m'mawa, onse atasonkhana, Zala anaima pachitseko chija manja atawaika kumbuyo kuti wina asadzati anagwira kanthu. Anapempha wamagetsi wa pakampani kuti akwere pampando n'kuchotsa thabwa la kudenga. Munali kabokosi kofanana ndi ka machesi, kolumikizidwa ku loko, kagetsi kake kakuphethira. Pamwamba pake panamatidwa kapepala ka deti, kolembedwa ndi dzanja limene tonse timalidziwa, chifukwa ndi lomwe limasaina tchuthi chathu.

A Masatifiketi anafunsa kuti mkaidi wadziwa bwanji zimenezi ngati sanali m'kati usiku. Zala anayankha mwaulemu kuti anaima mumsewu, ndipo khoti silinamuletse msewu. Mtsikana wina wa makompyuta, amene sankamupatsa n'komwe moni, anamukokera mpando.

Masana a Masatifiketi analemba kalata kwa onse kuti zonsezo zinali mayeso amene anakonza dala, ndipo kampani yakhoza bwino. Ena anakhulupirira. Mpaka pano akakhala pa tiyi amatsutsanabe ngati munthu wonga Zala ayenera kupatsidwa khadi lakelake. Sanamupatse. M'mawa uliwonse ndisanaweruke amadikirabe pageti kuti ndimutsegulire, ndipo ine ndimamutsegulira nditaimirira.

Ntchito ndikadali nayo. A Masatifiketi ananditcha wakuba pamaso pa anthu khumi ndi anayi, ndipo pepani wawo sindinalandire. Zala nayenso sanalandire.