Kugogoda kwa M'mimba

Mayi ake a namwino ankatsuka mbale pakhonde dzuwa litapendeka pamene mimba yawo inagogoda. Sikunali kulira kwa mimba ya munthu wanjala. Kunali go, go, go, katatu, ngati wina akumenya mwala ndi mpini wa khasu. Namwino, amene anali atangofika kuchokera m'tauni kudzaona matenda, anaika chikwama pansi.

"Amayi, n'chiyani chimenecho?"

"Ndi mpweya chabe, mwanangu."

Mpweya wake uti woondetsa munthu mpaka diresi kumukulira? Kuchipatala anali atawayeza magazi, kuwaunika m'mimba, osapeza kanthu. Dokotala anangoti matumbo ali bwinobwino, ena amadwala chonchi chifukwa cha nkhawa. Mayiwo anali asanadye zenizeni kwa miyezi iwiri, ndipo namwino ankaopa kuti awataya.

Sanali okha. Pa nyumba zitatu zilizonse m'mudzimo, imodzi inali ndi wodwala: mimba yotupa, chilungulira, kukhuta atangodya masupuni awiri. Akageya, m'nyumba munkamveka fungo la dothi lonyowa. Telala anamwalira ali mafupa okhaokha, mkazi wa kalipentala n'kutsatira. Ena ankanena madzi a pamjigo, ena mfiti yodya matumbo, koma ponena zimenezi palibe ankayang'ana mnzake m'maso.

Namwino anatenga kope n'kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa zimene anthu amadya ndi kumene amatunga madzi. Sanapeze chofanana. Koma anaona kuti ana aang'ono sankadwala, obwera chaka chino sankadwala, ndipo gonthi wosoka nsapato ankadya ngati kulibe mawa. Atafunsa ngati pali chowavuta mumtima, aliyense anayankha msangamsanga kuti palibe, dzanja lili pamimba.

Madzulo anatseka chitseko n'kuwafunsa mayi ake chimene anamva, chimene gonthi sanamve.

Mayiwo analira nthawi yaitali asanayankhe. Anati chaka chatha chitsime chinagumukira wokumba zitsime, bambo wosauka uja amene anthu ankamunena ufiti chifukwa choseka yekha. Anali moyo pansipo. Anagogoda masiku atatu, mudzi wonse ukumva, anthu n'kumati ngati ndi mfitidi atuluka yekha. Tsiku lachinayi anthuwo anakwirira dzenjelo n'kugwirizana kuti akauza apolisi kuti munthuyo anasamuka.

"Dengu loyamba la dothi ndinathira ndine," anatero mayiwo. "Anali asanaleke kugogoda."

Atangonena, anageya kwambiri, fungo la dothi n'kudzaza chipinda. Kenaka anapempha chakudya. Anadya mbale yonse, kunyambita zala, n'kugona tulo tabwino koyamba chaka chimenecho. Namwino anawayang'ana ndi chikondi chosakanikirana ndi nseru. Iye akaulula zimenezi, mayi ake akafera kundende. Mbale yake anaivundikira osaikhudza.

M'mawa mwamuna wake anaimba foni. Anafunsa za apongozi ake, n'kusangalala kumva kuti adya. Kenaka anafunsa kuti kafukufuku uja wapeza chiyani.

Namwino anayang'ana mayi ake akusesa pabwalo, akuimba chapansipansi.

"Palibe, bambo a mwana. Ndi mpweya chabe."

"Nanga akugogoda kumeneko ndani? Katsegule kaye, ndidikira."

Kukhomo kunalibe munthu. Namwino anaika dzanja pamimba.