Chala cha Khumi ndi Chiwiri

Aubrey ananyamuka m'mudzi muja dzuwa litalowa kale. Nkhalamba ina ndiyo inamuchedwetsa. Inafuna kuti aiwerengere pepala lonse kawiri isanadinde chala. Potuluka anapeza wakabaza amene anamutenga ku Chileka m'mawa atatopa n'kudikira, wapita. Foni osayankha. Panatsala miyendo basi, mpaka pa Lirangwe, mwina akapezeko lole yolowera m'tauni.

Anali mwana wa mu Ndirande. Mdima wakumudzi sanauzolowere. Koma ntchito ndi ntchito.

Kampani yawo inali ndi makina anzeru, AI aja, oyankha alimi pafoni m'Chichewa. Ukaimba, amakuuza nthawi yobzala, mankhwala a mbozi, mtengo wa nandolo. Alimi anangowatcha Ankolo. Ankolo asanabwere, muofesi munali anthu makumi atatu oyankha mafoni. Tsopano anatsala anayi. Aubrey anali wachinayi, mpando wake wapafupi ndi chitseko.

Makinawo sanabadwe ndi pakamwa. Zaka zapitazo kampani inazungulira midzi ya ku Chileka ndi ku Chigaru, n'kujambula mawu a alimi khumi ndi awiri, ndipo Ankolo anaphunzirira pamenepo kulankhula. Lero anthu akunja afuna kugula Ankolo kuti aziyankhanso m'mabanki, ku Zambia, ku Tete, kulikonse. Koma afuna chilolezo chatsopano, popeza nthawi ya chakale ikutha. Mlimi aliyense adinde chala.

"Zala khumi ndi ziwiri Lolemba m'mawa," anatero bwana. "Chikaperewera chimodzi, usavutike n'kubwera. Ankolo sapempha tchuthi."

Khumi ndi chimodzi anazipeza. Panatsala a Alufandika January, amene mawu awo ndiwo ankamveka kwambiri mwa Ankolo: mawu okhuthala, osasa pang'ono, oyamba ndi kachifuwa. Kwawo kunali kutsidya la mtsinje, kutali ndi njira. Aubrey anayang'ana mdima, anayang'ana pepala. Anaima pansi pa mtengo wa mango, natsegula kabokosi ka inki. Anadinda chala chake chachikulu pansi pa dzina la eni ake.

Adzaona ndani? Chala n'chala.

Anajambula mapepala onse pafoni kuti netiweki ikangogwira apite okha kwa bwana. Kenaka anauyamba ulendo.

Unali mwezi wa Juni. Mphepo yozizira inkasewera m'mapesi ouma, tswa tswa, mbali zonse ziwiri. Kumbuyo, cha ku Chileka, nyali zabwalo la ndege zinkaoneka ngati makala otsala pang'ono kuzima. Kutsogolo kunalibe kanthu. Anayatsa tochi ya pafoni. Batire inali itatsala pang'ono.

Njira inatsikira kudambo. Kumanzere kunatulukira kankhalango, mitengo ikuluikulu yokhayokha pakati pa minda yopanda ndi chitsamba chomwe. Ngakhale mwana wa m'tauni amadziwa chifukwa chake nkhwangwa sifika pamitengo yotero.

Manda.

Anathamangitsa miyendo. Sanayang'aneko.

Kumbuyo kwake wina anatsokomola.

Kachifuwa kakang'ono, kouma. Aubrey anatembenuka ndi tochi. Bambo wachikulire, wamtali, jekete lalikulu, wopanda nsapato. Anali pafupi. Pafupi kwambiri kwa munthu amene mapazi ake sanamveke.

"Mwa... mwaswera bwanji, madala?"

Bamboyo anatsokomolanso pang'ono. "Muli bwanji? Ndikuthandizeni chiyani lero?"

Aubrey anabwerera m'mbuyo. Mawu amenewo ankawamva tsiku lililonse. Muofesi. Pafoni. Kutulo komwe.

Ankolo!

Kenaka mtima unabwerera m'malo. Zoona, ndi eni mawu awa. Ndi a Alufandika, akuchokera kocheza. Anaseka kaseko kopanda mphamvu. Chikwama anachifinya m'khwapa.

"Mukulowera ku Lirangwe? Tiyendere limodzi."

Bamboyo anangoyamba kuyenda pambali pake. Mapesi ankaphwanyika pansi pa nsapato za Aubrey. Pansi pa mapazi a mnzakeyo, zii. Ndipo panali fungo. Fungo la dothi lonyowa, lokumbidwa kumene, m'mwezi umene mvula inaleka kalekale.

"Dikirani mvula yachiwiri, musathamangire kubzala," anatero bamboyo mwadzidzidzi, maso ali kutsogolo.

"Pepani?"

"Mbozi zikalowa pamtima pa chimanga, poperani madzulo. Zikomo poimba. Muli bwanji? Ndikuthandizeni chiyani lero? Nandolo ku Mdeka watsika mtengo. Zikomo poimba. Muli bwanji..."

Aubrey anakweza tochi. Anaona. Milomo ya bamboyo inkayenda yokha, mofulumira, ngati wina akuikoka ndi ulusi. Nkhope yonse inali chete. Maso okha ndiwo anali a munthu. Ofiira. Otopa ngati a munthu amene wachezera maliro zaka ndi zaka.

Mawu aja anaduka. Bamboyo anapuma movutikira. Polankhulanso, analankhula pang'onopang'ono, ngati akukoka mawuwo pansi pa chitsime.

"Mwaona, achimwene? Sandilola kugona."

Aubrey anatsitsa tochi.

"Khasu langa abale anagawa. Njinga anagawa. Wailesi anapatsa mphwanga. Zonse anagawa, anameta, anasesa pabwalo. Mawu okha anaiwala. Ndikangoti ndigone, wina waimba."

Anafika pakamlatho ka matabwa. Pansi pake madzi akuda, osayenda. Aubrey anafuna kuthamanga. Bamboyo anali kale kutsogolo kwake, pakati pa mlatho. Aubrey sanamuone akudutsa.

"Nthawi imene ndinalola inali itatsala pang'ono kutha. Ndimati mawa ndigona. Ndiye ndamva kuti ndalolanso." Anatambasula dzanja, kuloza chikwama. "Chala chili papepalacho n'cha yani?"

Aubrey anayang'ana chikwama. Anaganiza za pepala. Kulitulutsa, kuling'amba, kufufuta chithunzi pafoni. Zinali zosavuta. Kenaka anaona mpando wake wapafupi ndi chitseko. Anaona anzake makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi aja, ena akugulitsa mayunitsi pa Ginnery Corner, ena angokhala pakhomo.

"N'cha... n'cha mwini wake."

"N'cha yani?"

"Mwini wake, madala!"

Mphepo inaleka. Mapesi anakhala chete. Achule omwe.

"Ndikufunsani kachitatu."

M'dzanja mwake foni inanjenjemera. Netiweki yagwira. Kanzere kamodzi. Chithunzi choyamba chinapita. Chachiwiri. Chachitatu. Chala chake chinali pamwamba pa batani loimitsa. Chinali chikadali chakuda ndi inki. Chachisanu ndi chiwiri... chakhumi...

Sanadine.

Zonse zapita.

Bamboyo anamwetulira. Kwa nthawi yoyamba nkhope yake inamasuka, ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Chabwino. Mwini chala ndiye aziyankha."

Anatambasula dzanja lija, nakhudza Aubrey pakhosi. Kuzizira! Kuzizira ngati chitsulo cha mjigo m'mamawa! Tochi inazima.

Aubrey anathamanga, nawoloka mlatho. Anagwa m'mizere, nadzuka. Nsapato imodzi inatsala. Minga, mapesi, chitedze, sanamve kanthu. Kutsogolo, kanyali! Nyumba! Anagwera pachitseko, nachimenya ndi manja onse awiri.

Anatsegula mayi wapakati, tochi m'manja, chitenje pamapewa. Kumbuyo kwake mwamuna atagwira chikwanje.

"Ndani inu? Akuthamangitsani akuba?"

Aubrey analoza kumlatho. Mpweya unkamuthawa. Chikwama chinatseguka, mapepala anamwazika pakhonde. Mayi uja anawerama kuti atole, ndipo tochi yake inagwera papepala lomaliza, pamene panali dzina ndi kachithunzi. Anaima chilili.

"Bambo a Jenifer, taonani. Ndi ababa awa."

Mwamuna uja anatsitsa chikwanje. "Inu ndi a kampani ya mawu ija?"

Aubrey anagwedeza mutu povomera.

"Ine ndine Tinenenji, mwana wawo," anatero mayiyo. "Tinapita kawiri kuofesi kwanu kukapempha kuti muwachotse m'foni. Anatiuza kuti tidikire, nthawi yake ikatha achoka okha. Mukudziwa kuwawa kwake? Uli kumunda, pafoni ya mnzako, bambo ako akuyankha za mbozi?"

Anabweretsa pepala pafupi ndi maso. Anaona chala chija. Chatsopano, inki isanaumitsitse.

"Nanga ichi wadinda ndani?"

Aubrey anatsegula pakamwa kuti anene. Kuti apepese. Kuti afotokoze za bambo wapamlatho. Milomo inayenda. Lilime linayenda.

Panalibe chimene chinatuluka.

Anayesanso. Anagwira pakhosi. Anakuwa ndi mphamvu zake zonse... zii.

M'thumba mwake, foni yothera batire ija inayaka yokha. Munatuluka mawu. Sanali okhuthala, sanayambe ndi kachifuwa. Anali mawu a mnyamata wa mu Ndirande, othamanga, odulira m'mphepete.

"Muli bwanji? Ndikuthandizeni chiyani lero?"

Tinenenji sanaimve foniyo. Maso ake anali akadali pachala chija.

"Achimwene, ndikufunsa. Wadinda ndani? Ababa tinawaika m'manda a kudambo aja, kuseri kwa mlatho. Mwezi uno akwanitsa zaka zinayi."