Kama Wogwedezeka wa Habibu

Kama wa Habibu unayamba kugwedezeka wokha chaka chimene asilikali ankagwira amuna m'midzi ya ku Chia kuti akasenze katundu ku nkhondo ya Majeremani. Ankasiya okhawo osatha kuyenda, ndipo Habibu anali mmodzi wa iwo. Chimugwirireni malungo amene anamutseka khutu lakumanzere, akangotembenuza mutu denga linkazungulira, iye n'kusanza. Msodzi wodziwika nyanja yonse, lero kumutengera mphika wokodzera! Zinkamuwawa koopsa.

Mkulu wina, Fakiri, amene anadwalapo chizungulire chotere, anamuuza kuti matendawa sathera pogona, mutu umazolowera munthu akamayenda, ngakhale azigwa. Koma Rahila, mkazi wa Habibu, ankatseka chitseko n'kumuletsa kudzuka.

Masana ankapezako bwino. Usiku, achule akayamba kulira m'madimba a mpunga, m'nyumba muli bii, kama unkasuntha pang'onopang'ono, ukulira kwii, kwii, ngati bwato lomangidwa padoko. Chizungulire chinkabwerera chonse. Anthu ankanong'ona kuti ndi anzake amene anamira mu mtsinje wa Bua, akumuitana.

"Wamva, amake Laila?" ankanong'ona.

"Gonani, musadzuke," Rahila ankayankha ali pamphasa yake pansi.

Mantha atamukwana anasanduka mkwiyo. Rahila akapita kumunda, Habibu ankadzuka, kugwira khoma, kugwa, kudzukanso, mpaka anayamba kuzungulira nyumba osagwira kanthu. Mutu unakhazikika, koma kama sunaleke. Usiku wina anatsitsa dzanja mwakachetechete, ndipo pamwendo wa kama anakhudza chingwe cha ukonde, chili chokoka. Anachitsatira ndi zala mumdimamo mpaka anagwira dzanja lofunda.

"Ndiwe wandisandutsa mtembo?"

"Bola mtembo wopuma m'nyumba muno," Rahila anayankha. "Mlongo wanga anachoka ndi katundu pamutu. Munamuonanso?"

Habibu sanamve za mlongoyo. Anangomva manyazi a miyezi yonse ija, ndi mudzi umene unkamuyesa munthu woitanidwa ndi mizimu. Kutangocha anavala mkanjo wake, n'kudutsa pakati pa mudzi wopanda ndodo, mutu uli chilili, kuti aliyense aone. Rahila anaima pakhomo osalira, atangogwira pakamwa.

Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti panakhala asilikali amene anafika ndi mbandakucha. Wamkulu wawo sanamufunse n'dzina lomwe. Anangomuyang'ana miyendo.

"Uyu akuyenda bwino," anatero.