Masiku Asanu pa Chilumba

Kwathu kunali kwamtendere, tinkapemphera tisanadye. Bambo ankadwala shuga, ndipo wowabaya jakisoni m'mawa ndi madzulo anali mng'ono wanga. Ine ndinali ku banja, kutali. Amayi maso anali atafooka, timizere ta pa sirinji sankationa.

Ndiye kunatulukira bwana wa kuntchito kwa mng'ono wangayo, bambo wa ana anayi, chimimba patsogolo. Anamuonetsa zithunzi za hotela ya pachilumba: mchenga woyera ngati ufa, tizipinda pamwamba pa madzi.

"Boti limapitako kawiri pa sabata, mafoni timasiya pa kauntala," anatero. "Palibe wokudziwa. Kapena ufuna ukalambe ukununkha mankhwala?"

Kunyumba mng'ono wanga ananama kuti akupita ku semina. Amayi anapapasa m'chikwama.

"Maso andithera, koma nsalu ndimaidziwa. Semina yanji yovala tizingwe iti? Nanga abambo ako awabaya ndani?"

"Ndaika kadontho ka polishi wa zikhadabo pa sirinji, muzikoka mpaka pamenepo. Inenso ndine munthu, amayi, ndipumeko!"

Tsiku lachitatu amayi, mwa ukhondo wawo, anatsuka sirinji ija m'madzi otentha. Kadontho kanachoka. Anangoyerekeza, n'kukoka mankhwala ochuluka. Pofika masana bambo anali atakomoka, thukuta kamukamu.

Ndinathamangira kuchipatala. Mng'ono wanga tinamuimbira mpaka zala kuwawa, koma foni inali m'dirowa ya hotela, mwini wake ali chafufumimba pansi pa ambulera, akumusisita msana ndi mafuta onunkhira. Ku ofesi kwake anatiseka: semina yake iti? Mkazi wa bwana uja tinamupeza pomwepo, nayenso akufunsa.

Mng'ono wanga anabwera Loweruka atavala chipewa chachikulu ndi magalasi akuda. Bambo tinali titawaika dzulo lake. Bwanayo anamutsitsira pa msewu, n'kuliza galimoto osacheuka.

Ine ndinali nditakonza mawu oti amve kuwawa. Amayi ananditsogola, ndipo sanakalipe n'komwe.

"Wabwera, mwanangu? Abambo ako ndawapha ine, ndi manja angawa."

Chaka chatha tsopano, amayi akunenabe zomwezo. Mng'ono wanga amagwada, amalira, amati wolakwa ndi iye, koma amayi sakumva. Mulungu mwina anamukhululukira, ine zikundivutabe.

Achinyamata inu, musamadzinamize kuti tchimo lochitira kutali silifika kwanu. Limafika inu musanafike, ndipo amene amalisenza ndi wosalakwa amene munamusiya pakhomo.