Mzere wa Matumba pa Doko Lakale

Mnyamata wina anachokera kudziko lakutali kudzaphunzira pa koleji ya mumzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Anthu a m'dera lomwe ankachita lendi anamupatsa dzina loti Mafunso, chifukwa pakamwa pake sipankauma. Ichi n'chiyani? Awa akutani? Ndiyeseko? Anapalako mamba a nsomba kumsika, anasokako ukonde, mpaka anathyola singano ya makina a bambo a nyumba, omwe anali telala. Bambowo ankangoseka. Iwo ndi akazi awo analibe mwana, ndiye ankamutenga ngati wawo.

Tsiku lina madzulo, atatha kudya, Mafunso anatenga foni kuti akajambule sitima zapamadzi zitayatsa magetsi.

"Usachedwe, kukubwera chifunga," anatero mayi a nyumba.

Anadutsa nyumba zosungiramo katundu, n'kutsata njanji yomera udzu mpaka pa doko lakale lomwe linasiya kugwira ntchito. Chifunga chinamupeza komweko. Kenako anamva mapazi akuseseleka pa matabwa.

Amuna anali atandanda mzere pa mlatho wolowa m'nyanja, akupatsirana matumba. Koyambira mzere sikunkaoneka, kothera kwakenso ayi. Panalibe woimba, panalibe ngakhale wotsokomola. Munthu wanzeru akanabwerera. Koma Mafunso, aa! Mtima uli dyokodyoko, anasendera pafupi.

Bambo wina wowonda, wa malaya ong'ambika, anamuyang'ana ngati waona m'bale wake.

"Achimwene, tandigwirireni pang'ono pano, ndikamwe madzi."

Ndiye taonani, munthu wofunsa chilichonse uja tsiku limeneli sanafunse. Paja safunsa anadya phula. Anaika foni m'thumba n'kuima pamalopo. Bambo uja sanachite kuyenda. Anathamanga akulira ngati mwana, osacheuka.

Thumba loyamba linali lonyowa, lozizira, lonunkha matope. Analipereka kumanja, lina lafika kale kumanzere. Anacheuka kuti amwetulire amene ankamupatsirayo. M'makutu mwa munthuyo munkatuluka madzi. Maso ali tong'oo, osaphethira. Chifuwa chake sichinkakwera kapena kutsika.

Mafunso anati athawe, miyendo inakana ngati aikhomera ndi misomali. Anati aponye thumba pansi, manja anangolipereka okha. Anakuwa, kuitana mayi ake m'chilankhulo chakwawo. Palibe anatembenuka. Matuza anatuluka m'manja, anaphulika, madzi amchere n'kumalowa m'zilondamo. Mantha anamugwira mpaka mkodzo unatsika yekha osadziwa.

Amene anali kumanja kwake analankhula osamuyang'ana, mawu ngati ochokera m'chitsime.

"Usadzivute. Pano sachoka munthu pokhapokha wina alowe."

"Nanga kukacha?" anafunsa Mafunso.

"Kukacha timatsikira pansi tonse."

Matumba sanathe. Usiku unayenda. Kum'mawa kutayamba kutuwa, anamva kuzizira m'mapazi. Madzi anali atakwera pamwamba pa matabwa. Amuna a kunyanja kwa mzere anali atamira kale mpaka m'khosi, manja okha ali m'mwamba, akupatsiranabe.

Pamenepo kuwala kwa tochi kunatulukira m'chifunga. Anali bambo a nyumba, akutsimphina ndi bondo lawo lovuta, jekete atavala pamwamba pa zovala zogonera.

"Mwana wanga! Ndazungulira mzinda wonse kukusaka. Mayi ako sanagone. Ukutani ndi anthu amenewa? Tiye kunyumba."

"Bambo, bwererani," anatero Mafunso, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Bambowo anaunika manja ake ndi tochi.

"Mayo ine, taona magazi! Wakugwiritsa ntchito imeneyi ndani? Watopa, mwana wanga. Ndikulandire?"

Madzi anali atafika m'maondo. Mafunso ankawakonda bambowo, ankawakonda zenizeni. Koma ankaopanso kufa. Anawayang'ana, misozi ili chuchuchu, n'kutsegula pakamwa.

Asodzi anamupeza dzuwa litatuluka, atakhala panjanji, tochi ikuyakabe m'manja mwake. Pa mlatho panali mbee, popanda sitima, popanda thumba ngakhale limodzi. Bambo a nyumba sanaonekenso.

Apolisi anati mwina anaterereka m'chifunga. Koma akuluakulu amene anakalambira pa ntchito ya padoko amangopukusa mitu. Amanong'ona kuti mzere umenewo sukoka munthu, amalowamo ndi amene wavomerezana ndi wotulukayo.

Mayi a nyumba sanamuthamangitse Mafunso. Anamumanga zilonda, ndipo amamuphikirabe. Koma madzulo aliwonse, akamamuikira mbale patebulo, amakhala pampando moyang'anana naye n'kufunsa modekha:

"Mwana wanga, bambo ako atakupeza kuja, unawauza chiyani?"